Kuseri kwa Kaphiri Ako

Eskil anagwanso. Ulendo uno anagwa chagada, masiki ake, timatabwa toterereka nato pa chipale, atapingasana m'mwamba ngati miyendo ya nkhuku ya pamsika, ndodo imodzi yoyendera ili uko, chipewa chitatsikira m'maso. Chipale chofewa chinamulowa m'khosi ndi m'manja mwa jekete.

"Dzuka, bambo," anatero mayi ake, Ingvild, akumugwira m'khwapa. "Kugwa amagwa aliyense."

"Masikiwa ndi opusa. Ine ndikufuna kupita kutsogolo, iwo akubwerera m'mbuyo."

"Sanakuzolowere. Apatse nthawi."

Kwathu kuno ku Norway timakonda kudzitama kuti mwana amabadwa masiki ali kale kumapazi. Amene anayambitsa mawu amenewa sanakwerepo chitunda ndi mwana wa zaka zisanu amene amumangirira timatabwa titalitali kumapazi koyamba m'moyo wake. Dzulo lake Eskil anayeserera kutsetsereka pabwalo la kanyumba kawo ka kumapiri ku Valdres, ndipo zinaoneka ngati zitheka. Koma pabwalo ndi pabwalo. Tsikuli linali Loweruka la Isitala, pamene banja lonse limakwera phiri kukadya mawafo, makeke opyapyala otentha opaka jamu, kunyumba yodyera ya pamwamba, monga ankachitira Ingvild ndi mchimwene wake Torstein ali ana.

Torstein anali ataima chapatsogolo, atatsamira ndodo zake, nkhope itafiira ndi dzuwa. Mkazi wake ndi ana awo awiri anali atapita kale, ankangooneka ngati timadontho kutali.

"Mphwanga, chipalechi wachikonda eti?" anatero Torstein. "Ndikuona ukuchikumbatira pafupipafupi."

"Amalume, kwatsala patali?"

"Patali pati? Kuseri kwa kaphiri ako. Ukangokhota apo, fungo la mawafo likumenya m'mphuno."

Eskil sanayang'ane kaphiriko. Anatukula chipewa n'kuyang'ana mayi ake.

"Zoona, Amayi?"

Funso limeneli Ingvild ankalimva tsiku ndi tsiku kwawo ku Drammen. Linayamba masamba akuyoyoka m'mitengo, pamene mwamuna wake, Vegard, anatulutsa zikwama zake m'nyumba, n'kugwada pakhomo, n'kuuza mwanayo kuti, "Ndikukagwira ntchito ku Tromsø, ndibwera posachedwapa." Ntchito ku Tromsø inaliko ndithu, koma kunalinso mkazi wina. Eskil anakhala pawindo masabata ambiri akuwerenga magalimoto. Atasiya kukhala pawindo, anasiyanso kukhulupirira mawu a munthu wamkulu aliyense. Aphunzitsi ake akanena kanthu, agogo ake akanena kanthu, iye ankabwera nako kwa mayi ake kudzafunsa ngati n'zoona.

Ingvild anamulonjeza kuti iye sadzamunamiza, ndipo lonjezolo ankalisunga ngakhale pamene bodza likanapeputsa ntchito. Kuchipatala mwanayo atafunsa ngati jakisoni apweteke, anamuyankha kuti apweteka. Nsomba yake ya m'botolo itafa, sananene kuti yagona. Nkhani imodzi yokha ndiyo ankailambalala. Eskil akafunsa za bambo ake, Ingvild ankapeza poto wofunika kuphula kapena foni yofunika kuyankha. Kunama sankanama, koma kuyankhanso sankayankha.

"Kwatsala patali ndithu," anatero Ingvild. "Koma tiyenda pang'onopang'ono, tikafika."

Mapewa a mwanayo anagwa. Anayamba kukwakwaza masiki ake m'timizere tiwiri todutsamo masiki m'njira, mutu uli pansi. Torstein anadikira kuti adutse, kenako anasendera pafupi ndi mlongo wake.

"Iwe, mwana paphiri sauzidwa choncho. Wamuthyola miyendo ndi pakamwa."

"Wandifunsa, achimwene. Ndimuyankhe chiyani?"

"Zomwe bambo ankatiyankha ife. Kuseri kwa kaphiri ako. Waiwala? Iwe unkalira mamina mpaka m'chibwano, koma unkafika. Tinafa? Ana anga ndawakweza phiri lino ndi mawu omwewo ndi chokoleti basi. Dziko lonse lino linaphunzira kuyenda choncho."

"Eskil si ana anu aja."

"Ndiye chifukwa chake. M'mera mpoyamba. Mwana amene pakhomo palibe bambo ukamamunyengerera chonchi, anzake kusukulu adzamusiya m'mbuyo pa chilichonse. Sindikukunyoza ayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Kungoti mutu umodzi susenza denga."

Mawuwo anamulasa Ingvild. Torstein sanali munthu woipa. Ndi iye amene anabwera ndi galimoto kudzawatenga ku Drammen, ndi iye amene anapereka masiki aang'onowo ndi nsapato zake. Koma anali m'gulu la anthu aja amene zinthu zimawayendera bwino mpaka kuyamba kuganiza kuti n'chifukwa cha nzeru zawo. Ndipo Ingvild anali atatopa ndi kumveredwa chisoni. Nyengo yonse yachisanu ananyamula yekha zonse, ntchito, zovala, malungo a mwana, ndipo ankafunitsitsa kuti tsiku limeneli iye ndi mwana wake alowe m'nyumba ya mawafo ija ndi mapazi awo, abale ake aone kuti nyumba yake siinagwe.

Anayenda. Njira inkakwera mosaonetsera, kukwera kuja kumene wamkulu sakumva koma mwana amakumva m'ntchafu. Eskil ankaterereka, kugwada, kudzuka. Anthu ankawapitirira, ena ndi agalu, ena akukoka makanda m'timabokosi totsetsereka. Kamtsikana kena kochepa kuposa Eskil kanadutsa kakuimba, bambo ake ali pambuyo, ndipo Ingvild anamva bamboyo akuti, "Tafika kale, mwana wanga, kuseri kwa kaphiri ako." Kamtsikanako kanangoseka n'kuwonjezera liwiro.

Atatsala pang'ono kufika pa kaphiri kaja, Eskil anakhala pansi pakati pa njira.

"Miyendo yatha."

"Imwa madzi pang'ono."

"Sindikufuna. Ndikufuna kunyumba."

Torstein anali ataimanso patsogolo. Anangoyang'ana dzuwa, kenako mlongo wake. Mawafo sadikira munthu, dzuwa likapendeka amatseka. Anthu ena awiri anapatuka m'njira kuti alambalale mwana wokhala pansiyo, ndipo mmodzi anamwetulira Ingvild kumwetulira kwa chisoni kuja.

"Amayi, kwatsalabe patali?"

Ingvild anamva pakamwa pake pakuyankha pasanapemphe chilolezo kwa mtima.

"Ayi. Ndi kuseri kwa kaphiri ako."

Mwanayo anamuyang'anitsitsa.

"Zoona?"

"Zoona."

Chopweteka n'chakuti bodzalo linagwira ntchito nthawi yomweyo. Eskil anadzuka yekha osagwiridwa. Anazika ndodo zake m'chipale n'kuyamba kukwera, lilime lili panja, masiki akuwomba pansi phwa phwa. Anagwa kamodzi n'kudzuka osadandaula. Anayamba kufotokoza za mawafo amene akadye, kuti iye akafuna awiri, wina wa jamu wina wa tchizi chofiirira. Torstein anatsinzinira mlongo wake diso limodzi. Ingvild anayesa kumwetulira.

Eskil ndiye anayamba kukhota pa kaphiriko. Ingvild anamuona akuima.

Kuseri kwake kunali chidikha choyera chotambalala mpaka maso kutopa. Timitengo tosonyeza njira tinandandalika kupita kutali, n'kumacheperachepera, mpaka kukathera pa phiri lina. Nyumba kunalibe, utsi kunalibe. Kunali mphepo yokha.

"Aa, ndasokoneza mapiri," anatero Torstein akuseka, uku akunyema chokoleti. "Ukalamba uwu, mphwanga. Ndi kuseri kwa linalo. Kwaya, tafuna aka, miyendo ibwerere."

Eskil sanatambasule dzanja. Sanawayang'ane n'komwe amalume ake. Anagwetsa ndodo zake, n'kuwerama, n'kuyamba kulimbana ndi zomangira za masiki. Magolovesi ankamusokoneza, ndiye anawavula ndi mano. Atamasula masiki onse awiri anawasiya pomwepo, n'kutembenuka kuyamba kubwerera wapansi. Phazi lililonse linkatitimira mpaka m'bondo. Sankalira, ndipo kusalirako n'kumene kunamuopsa Ingvild.

Anamuthamangira n'kumugwira phewa.

"Eskil, vala magolovesi, zala zizizidwa."

"Musandigwire."

"Tamvera, bambo."

"Munati zoona." Mawu ake anali aang'ono, osanjenjemera. "Amalume amanama, ndikudziwa. Koma inu munati zoona."

Anachotsa dzanja la mayi ake paphewa n'kupitiriza kutitimira m'chipale. Ingvild anaima pomwepo manja ali lende. Miyezi yonseyi mwanayu anali ndi munthu mmodzi yekha padziko amene mawu ake ankawaponda osaopa kuti athyoka. Tsopano munthuyo anawagulitsa mawuwo chifukwa cha mawafo ndi manyazi.

Torstein anafika atanyamula timasiki tija m'khwapa.

"Msiye akwiye, zimatha izi. Ndimubereke kumsana, tikafika akadya waiwala. Mwana ndi mwana."

"Pitani, achimwene."

"Ndikusiye pano wekha ndi mwana wolusa?"

"Ndakhala naye ndekha miyezi yonseyi. Pitani, akudikirani uko. Mukatidyereko."

Torstein anayang'ana kamwana kamene kankavutika m'chipale kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo nthabwala zinamuthera. Anaika timasiki pansi n'kutsitsa chikwama chake, natulutsa fulasiki ya koko ndi juzi yaubweya, n'kuziika m'manja mwa mlongo wake.

"Ine ndimati ndikuthandiza," anatero chapansipansi.

"Ndikudziwa."

Atapita, Ingvild anavula masiki ake. Eskil sanapite patali, chipale chinali chitamugonjetsa. Anaima chapotero atafulatira, manja ali m'khwapa. Ingvild sanamuitane. Anapatuka pambali pa njira pamene kaphiriko kankatchinga mphepo, napondaponda chipale mpaka chinalimba ngati benchi, nayala kachikopa kokhalira, monga amachitira aliyense pa Isitala akafuna kuwothera dzuwa. Anakhala pansi n'kuyamba kusenda lalanje.

Analankhula ndi msana wa mwanayo.

"Nyumba ya mawafo ili kutali. Komwe tatsala n'kotalika kuposa komwe tachokera. Ukadutsa chidikhachi pali phiri lija, ndipo kuseri kwake kuli chitunda china chachitali. Ine ndimadziwa zimenezi pamene umandifunsa. Ndinakunamiza."

Msanawo sunagwedezeke.

"Ndimafuna kuti amalume ako aone kuti iwe ndi ine tikhoza kufika tokha. Ndinachita manyazi utakhala pansi. Si chifukwa chabwino, koma ndi chomwecho. Pepa, mwana wanga."

Mphepo inadutsa n'kuulutsa chipale ngati ufa. Ingvild anaona mapewa a mwanayo akuyamba kunjenjemera, thukuta lija litayamba kuzizira m'thupi. Mtima unkamuuza kuti adzuke akamunyamule mokakamiza, amuveke juzi, akwiye akwiye. Anadzigwira. Anangoika juziyo kumapeto kwa chikopa, magolovesi pamwamba pake, ndi theka la lalanje pambali.

Patapita nthawi Eskil anatembenuka. Anabwera akutitimira, osayang'ana mayi ake, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa chikopa, thako limodzi lili pa chipale. Analola kuvekedwa juzi koma magolovesi anavala yekha. Anadya lalanje kachidutswa kamodzikamodzi, akulavula njere patsogolo pake. Ingvild anathira koko m'chivundikiro cha fulasiki n'kumupatsa. Anamwa.

"Adadi anati abwera posachedwapa," anatero mwanayo, maso ali m'kapu.

"Anatero."

"Posachedwapa ndi ngati kuseri kwa kaphiri?"

Apa panalibe poto woti Ingvild akaphule. Panali iye, mwana wake, ndi chidikha choyera.

"Eya. Ndi ngati choncho."

"Ndiye abwera liti kudzakhala kwathu?"

"Sabweranso kudzakhala nafe, Eskil. Ali ndi nyumba ina ku Tromsø, akukhala ndi mayi wina kumeneko. Akadali adadi ako, ndipo tsiku lina uzikawaona. Koma kubwera kudzagona kwathu ngati kale, ayi. Zimenezo zinatha."

"Ngakhale pa Khirisimasi?"

"Ngakhale pa Khirisimasi."

"Chifukwa ndinkalira usiku?"

"Ayi. Iwe sunalakwe kanthu, ngakhale kamodzi. Ndi nkhani ya iwo ndi ine."

Mwanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, akufufuza nkhope yonse, maso, pakamwa, ngati munthu woyesa madzi oundana asanapondepo. Kenako chibwano chinayamba kugwedezeka. Kapu inagwa, koko n'kudetsa chipale. Kulira kumene anakusunga kuyambira tsiku la zikwama lija kunatuluka konse, kulira kokweza, kwa pakamwa pululu. Anadziponya pachifuwa pa mayi ake n'kumawamenya ndi timagolovesi take, kenako n'kuwagwira jekete zolimba. Ingvild anamufungatira, nayenso misozi ikutsika. Zinamupweteka kwambiri, komabe pansi pa ululuwo anamva kupepukidwa, poti mwanayo ankalirira pa iye, osati chomufulatira.

Nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wake, zinatulukira pa kaphiri paja. Zinaona mayi ndi mwana akulira pambali pa njira, ndipo monga mwa khalidwe lathu zinayang'ana kutsogolo ngati sizinaone kanthu. Mayi wokalambayo yekha ndiye anati, "Isitala yabwino," osaima.

"Isitala yabwino," anayankha Ingvild ndi mawu a m'mphuno.

Kulirako kutatha, Eskil anapukuta mamina ndi juzi ya amalume ake. Anakhala duu, mutu uli pamkono wa mayi ake, akuyang'ana timitengo ta m'njira.

"Ndiye titani?" anafunsa Ingvild. "Tikapitirira, tikafika mochedwa, mwina tikapeza atatseka, ndipo miyendo ikupweteka kwambiri. Tikabwerera, mawafo palibe, koma njira yambiri ndi yotsetsereka. Usankhe ndiwe."

"Amalume atiseka?"

"Mwina pang'ono. Amalume ako kuseka ndiye ntchito yawo."

"Inu muchita manyazi?"

"Ayi. Manyazi ndachita kale, andikwana."

Eskil anaganiza, akukanda chipale ndi chidendene.

"Tibwerere."

Ingvild anagwada n'kumumangirira masiki. Anakutumula chikopa, natolera makoko a lalanje n'kuwaika m'thumba. Anamuimika mwanayo m'timizere ta njira, masiki ataloza kumunsi, n'kumuonetsa kupinda mawondo ndi kuika manja patsogolo.

"Ukufuna ndikugwire, kapena ndikhale pambuyo pako?"

"Ayi. Inu tsogolani, ndizikuonani." Anakoka mamina. "Koma muzicheuka."

"Ndizicheuka."

Ananyamuka. Kumene ankakwera movutika kuja tsopano kunawatenga kokha, masiki akulira siii m'timizere. Ingvild anacheuka, n'kuona kamunthu kovala juzi yofika m'mawondo kakubwera, miyendo ili tang'a, ndodo zili m'mwamba, maso ali pa iye. Anayenda pang'ono n'kucheukanso. Pa masiki munthu sayenda chocheuka, aliyense kuno amadziwa zimenezo, ndipo pokhota pena Ingvild anaphonya mzere n'kugwa chammbali, miyendo m'mwamba, pamaso pa banja lina lonse limene linkakwera. Eskil anamupeza ali pansi, n'kugwera pamwamba pake. Sanaseke, koma anamuchotsa chipale kumaso ndi golovesi.

Anadzuka n'kupitiriza. Ingvild anacheuka njira yonse mpaka pakhomo pa kanyumba kaja, ndipo khosi linamuwawa mpaka tsiku lobwerera ku Drammen.